Mtengo wa buku la magule ku Unit G

Unit G ndi limodzi mwa madera a ku Seke, m'tauni ya Chitungwiza, makilomita pafupifupi 25 kummwera kwa Harare. Madera a kuno sadziwika ndi dzina la mfumu kapena la mtsinje monga zimakhalira kumudzi. Amene ankayeza malo anangowapatsa zilembo, A, B, C mpaka kutsogolo. Tauniyi inakhazikitsidwa mu 1978 pophatikiza St Mary's, Zengeza ndi Seke, ndipo cholinga cha boma la Rhodesia chinali choti anthu akuda azigwira ntchito mu Salisbury, Harare wa lero, masana koma azikagona kutali ndi mzinda wa azungu. Lero muli anthu oposa 350,000. Pakati pawo pali zidzukulu za Achewa, Ayao, Amang'anja, Atonga ndi Angoni omwe agogo awo anachoka ku Nyasaland, ku Fort Jameson ndi ku Tete. Ambiri mwa ana amenewa Chichewa amangomva, poyankha amayankha m'Chishona. Komabe si anthu obisika. Alick Macheso, yemwe anabadwira ku Shamva mu 1968, ndi Nicholas Zakaria amene anamulera pa zoyimba m'gulu la Khiama Boys, onse ndi a magazi a ku Malawi, ndipo mayina awo anakulira m'Chitungwiza momwemuno. Ine ndikamaona miyendo ya anyamata ovina sungura, ndimaonamo fumbi la pabwalo la gule, ngakhale ena anganditsutse.

Tsono munthu wa kuno atapeza buku lakale lofotokoza mbiri ya magule a makolo ake, kaya m'sutikesi ya malemu agogo kaya pa mulu wa mabuku ogulitsidwa m'mphepete mwa msewu ku Harare, angaliyese bwanji? Kunja kuli anthu amene amasonkhanitsa mabuku otere ngati chuma, ndipo ali ndi muyeso wawo. Muyeso umenewo ndi woona, koma suyeza zonse. Kuti tione chimene umasiya, tiyambe ndi mmene magulewo anafikira kuno.

Ulendo wa kummwera unayamba ndi msonkho. Boma la atsamunda ku Nyasaland litakhazikitsa msonkho wa nyumba m'zaka za m'ma 1890, mwamuna aliyense anafunika ndalama, ndipo ndalamazo zinali ku migodi ndi m'mafamu a Southern Rhodesia. Ena anatengedwa ndi bungwe lolemba anthu ntchito la Rhodesia Native Labour Bureau, limene linayamba mu 1903 ndipo anthu ankalitcha chibalo chifukwa cha nkhanza zake. Ambiri ankalizemba. Ankayenda wapansi masabata angapo, kudzera ku Tete, kuwoloka Zambezi, n'kukatulukira ku Mutoko kapena ku Mount Darwin. Pambuyo pake kunabwera malole a Ulere onyamula anthu osalipira, kenako bungwe lina lolemba anthu ntchito la Mthandizi mu 1946. Kamuzu Banda ali mnyamata anagwirapo ntchito pachipatala ku Hartley, komwe lero ndi Chegutu. Clements Kadalie anali kalaliki pa mgodi wa Shamva asanakafike ku Cape Town kumene anayambitsa bungwe la apantchito la ICU mu 1919. Awiriwa anangodutsa. Anzawo zikwizikwi anakhala, anakwatira, anabereka, n'kufera konkuno. Kumudzi anawatcha machona. Kuno anawatcha mabhurandaya, ngati kuti onse anachokera ku Blantyre.

Chimene chinawolotsa gule wamkulu pa Zambezi ndi maliro. Mchewa wometa akamwalira, mzimu wake umaperekezedwa ndi zilombo, ndipo ukapanda kuperekezedwa umavutitsa otsala. Amuna a ku Dedza, Lilongwe, Kasungu, Mchinji ndi Katete atapezeka m'makomboni a ku Shamva, Cam and Motor, Globe and Phoenix ndi Wankie, sakanangomutaya mnzawo ngati galu. Anasonkherana ndalama za bokosi, anapeza thengo lobisika kuseri kwa komboni n'kulisandutsa dambwe, anasema mbalule ndi mpanje. Kumudzi mzinda wa gule umakhala m'manja mwa mfumu, ndipo bwalo siliyambika popanda chilolezo chake. Pa mgodi panalibe mfumu yotere, choncho udindowo unagwera akuluakulu a gulewo okha, nthawi zina kapitawo wa pantchito. Azungu a migodi ndi mafamu analola kuti kuzivinidwa Lamulungu masana, poganiza kuti wantchito amene wavina sathawa. Mwa njira imeneyi gule anakhala ndi nkhope ziwiri: wa pamaliro, woopsa ndi wolemekezeka, ndi wa Lamulungu, woonerera aliyense. Ashona anamutcha zvigure ndipo mpaka lero amayi ambiri amaopsezera ana dzina limeneli. Ngakhale ku Tengenenge, mudzi wa osema miyala umene Tom Blomefield anayambitsa ku Guruve mu 1966, ena mwa osema oyamba anali antchito a m'mafamu a fodya ochokera ku Malawi, Zambia, Mozambique ndi Angola, ndipo Achewa a pakati pawo anapitiriza gule pamalopo.

Ayao anabwera ndi beni. Amene anaonapo beni saiwala. Amuna amalowa m'bwalo m'mizere, atavala makabudula ndi malaya a khaki, masokosi ofika m'mawondo, pachifuwa pali mamendulo ena enieni ena opanga okha. Kutsogolo kuli mkulu wa gulu ndi ndodo m'khwapa ndi wezulo pakamwa. Akaliza kamodzi mizere imatembenuka, akaliza kawiri miyendo imagunda pansi nthawi imodzi, kenako usilikali wonse uja umasungunuka, mapewa ndi chiuno n'kuyamba kunjenjemera motsata ng'oma, amayi akuthira mang'ombe kumbali. Munthu sungadziwe ngati akutamanda asilikali a mfumu ya ku England kapena akuwaseka. Kuno ku Zimbabwe guleyu amadziwika kuti Ben Arinoti, ndipo amaonekera pa mpikisano wa magule wa Chibuku Neshamwari, umene unayamba mu 1963, pamodzi ndi magulu a nyau.

Funsani wovina wachinyamata kuti Arinoti ndi ndani, ambiri sangakuyankheni. Yankho lili m'buku loyamba mwa mabuku awiri amene ndikufuna tiwayese. Ndi kabuku ka masamba osafika 200, Dance and Society in Eastern Africa 1890–1970: The Beni Ngoma, kamene Terence Ranger anatulutsa mu 1975. Ranger si mlendo m'dziko lino. Anafika ku Salisbury mu 1957 kudzaphunzitsa mbiri pa University College of Rhodesia and Nyasaland, anagwirizana ndi omenyera ufulu, ndipo boma linamupitikitsa mu 1963. Anapita ku Dar es Salaam, ndipo kumeneko ndi kumene anagwa m'chikondi ndi nkhani ya beni. Anaitsata kuyambira m'matauni a Aswahili a m'mphepete mwa nyanja ya mchere, Mombasa ndi Lamu, m'zaka za m'ma 1890, kumene magulu opikisana monga Kingi ndi Scotchi ankatsanzira mabandi a asilikali a pamadzi. M'dziko la Tanganyika, limene panthawiyo linali m'manja mwa Ajeremani, magulu akulu anali awiri: Marini, a anthu odziyesa apamwamba a m'tauni, ndi Arinoti, a osauka ndi obwera kuchokera kumtunda. Nkhondo ya 1914 mpaka 1918 inamwaza asilikali ndi amtengatenga dera lonse, ndipo pobwerera kwawo anabwerera ndi guleyu. Ku Mangochi ndi Zomba anakhalabe beni. Kwa Atonga a ku Nkhata Bay ndi madera ena a m'mbali mwa nyanja kunaphuka malipenga, kwina mganda, magule a anyamata ovala zoyera oliza zipanda zouma. Ku migodi ya mkuwa ya ku Northern Rhodesia kunali mbeni, ndipo antchito atanyanyala ntchito mu 1935 boma linakayikira kuti uthenga unkayenda kudzera m'magulu ovinawo.

Ndiye kuti mnyamata wa ku Chitungwiza amene akuvina Ben Arinoti wanyamula dzina la gulu la amphawi a ku Tanga ndi Dar es Salaam la zaka zoposa 100 zapitazo, dzina limene linayenda ndi asilikali mpaka ku nyanja ya Malawi, kenako ndi machona mpaka ku Mashonaland. Chimenechi chokha, kwa ine, chikulipira mtengo wa bukuli. Ranger anakana maganizo a azungu anzake oti beni n'kutsanzira chabe kwa anthu osokonezeka mitu. Anaonetsa kuti mpikisano wa magulu unalipo kale pakati pa Aswahili, ndipo yunifolomu ndi maudindo a ukaputeni zinali zovala zatsopano pa mwambo wakale. Chofooka chake n'chakuti mtima wa bukuli uli ku Kenya ndi Tanganyika. Kuno kummwera limangodutsa mothamanga, ndipo zambiri anazitola m'makalata a maboma ndi a mishoni, moti ng'oma yeniyeniyo simveka kwenikweni m'masamba ake.

Buku lachiwiri ndi la mtundu wina. When Animals Sing and Spirits Dance linatuluka mu 2012, ndipo mlembi wake ndi Bambo Claude Boucher, wansembe wa chipani cha White Fathers wochokera ku Canada, amene anthu anamupatsa mfunda wa Chisale. Anafika ku Malawi mu 1967, ndipo mu 1976 anayambitsa Kungoni Centre of Culture and Art pa mishoni ya Mua, m'boma la Dedza. M'nyumba yosungiramo zakale ya Chamare pamalopo muli nkhope za gule zoposa 400. Bukuli ndi lalikulu, lolemera m'manja, lodzaza zithunzi zamitundu. Chilombo chilichonse chili ndi malo ake: maonekedwe, nyimbo yake m'Chichewa ndi m'Chingerezi, nthawi imene chimatuluka, ndi mwambo umene chimaphunzitsa. Kasiyamaliro, Chadzunda, Maliya, Simoni wofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa, ndi zina zambiri zimene zinabadwa chifukwa cha ndale, matenda ndi njala za masiku ano, zonse zilimo.

Chodabwitsa ndi malo amene bukuli linabadwira. Mishoni ya Mua inatsegulidwa mu 1902, ndipo m'zaka za m'ma 1920 ansembe a kumeneko ndi a nyau anali pa chidani choopsa. Ankalimbirana ana: mphunzitsi akufuna mnyamata kusukulu, akuluakulu akumufuna kudambwe. Mkhristu wopezeka ku gule ankachotsedwa mu mpingo. Nkhani ya mkanganowu inalembedwa ndi Matthew Schoffeleers ndi Ian Linden mu 1972, m'buku limene mmodzi mwa akonzi ake anali Ranger yemweyo. Patapita zaka 90 kuchokera pa chidanicho, wansembe wa mishoni yomweyo ndiye anasonkhanitsa kaundula wa zilombo wamkulu chotere. Akuluakulu amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Koma kalumo kamachekanso, ndipo pali ometa ena amene sasangalala kuona za kudambwe zili pa pepala loti mwana aliyense ndi mkazi aliyense atha kutsegula. Dandaulo limeneli sindilipeputsa. Chinsinsi ndicho chinasunga gule pamene mishoni inkamuthira nkhondo ndiponso pamene Apwitikizi, kenako boma la Frelimo, ankamuletsa ku Tete. Chimene ndinganene n'chakuti Boucher analemba ndi ulemu wa munthu amene anakhala pansi ndi eni ake zaka makumi anayi, osati wa mlendo wa tsiku limodzi wokhala ndi kamera.

Tsono tibwere ku muyeso wa osonkhanitsa mabuku. Iwo amayamba ndi tsamba la kuseri kwa mutu, pamene pamalembedwa chaka ndi dzina la wosindikiza, kuti aone ngati bukulo ndi la ulendo woyamba kusindikizidwa. Amaona chikuto, ngati ndi cholimba kapena chofewa, ndiponso ngati pepala lokutira kunja lilipo losang'ambika. Amanunkhiza chinyezi, amafufuza njira za chiswe ndi njenjete, amawerenga ngati zithunzi zonse zilimo. Chidindo cha laibulale chimatsitsa mtengo, siginecha ya mlembi imaukweza. Koposa zonse amafunsa kuti mabukuwo anasindikizidwa angati ndipo atsala angati.

Pa muyeso umenewu buku la Ranger si chuma chodabwitsa. Linatuluka ku Heinemann ku London ndi ku University of California Press ku America chaka chomwecho, linagulidwa ndi mayunivesite ambiri, ndipo malaibulale akamachotsa mabuku akale limapezeka pamsika. Chimodzimodzi The Kalela Dance, kabuku ka J. Clyde Mitchell ka mu 1956 konena za ovina a ku Luanshya, kamene kanasindikizidwanso kangapo. La Boucher ndi losiyana. Linatulutsidwa ndi Kungoni, osati kampani yaikulu yokhala ndi nthambi m'mayiko ambiri, ndipo buku la zithunzi zamitundu limadya ndalama zambiri kuti alisindikizenso. Amene ali nalo alisunge pouma, asalibwereketse mwachisawawa, ndipo wina akabwera ndi madola ochepa asafulumire kulola.

Koma mabuku osowa zenizeni si amenewa. Ndi timabuku ta m'chinenero chathu, tosindikizidwa pa pepala lotsika mtengo, timene tinkawerengedwa m'sukulu mpaka kuthetheka: Mbiri ya Achewa ya Samuel Ntara ya m'zaka za m'ma 1940, Maliro ndi Miyambo ya Achewa ya Archibald Makumbi ya m'ma 1950, Kukula ndi Mwambo ya John Gwengwe ya m'ma 1960. Awa analembedwa ndi ana a eni mwambo, polembera anzawo. Palibe ankaganiza zowasunga m'kabati ya galasi. Ena anakulungira fodya, ena anayatsira mbaula. Ngati m'sutikesi ya agogo ku Unit G mungapezeke limodzi mwa amenewa, losindikizidwa nthawi ya Federation, lokhala ndi dzina la mwini wake ndi la mgodi umene ankagwirako ntchito, limenelo ndingaliike pamwamba pa onse. Wogula wa ku London angadandaule kuti wina analembamo ndi inki. Kwa ife inkiyo ndiye mbiri: ikutiuza kuti buku linayenda ndi ndani, linafika kuti, chaka chiti.

Apa ndi pamene muyeso wa msika ndi wa banja zimasiyana kotheratu, ndipo chifukwa chake chili m'zimene zinawachitikira anthuwa. Kuyambira mu 2000, mafamu atalandidwa, antchito ambiri a m'mafamu, omwe pakati pawo panali ambiri a makolo a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, anasowa pokhala, ndipo madambwe a m'mafamuwo anabalalika nawo. Mu 2001 lamulo la unzika linasinthidwa, moti anthu obadwira muno anauzidwa kuti akakane unzika wa mayiko amene sanawapondepo, apo ayi akhale alendo. Ambiri anataya mwayi wovota mpaka malamulo aakulu a dziko a mu 2013 atawabwezera unzika. Mu May 2005 kunabwera Murambatsvina, ntchito ya boma yogwetsa nyumba m'matauni, ndipo lipoti la Anna Tibaijuka wa ku United Nations linati anthu pafupifupi 700,000 anataya nyumba kapena ntchito zawo. Chitungwiza sanasiyidwe. Munthu amene akuthawitsa malata ndi mabulangete saganiza za chithunzi cha gulu la beni la bambo ake, kapena kope limene munkalembedwa mayina a osonkha za maliro.

M'chaka chomwecho cha 2005, bungwe la UNESCO linalengeza kuti gule wamkulu ndi chimodzi mwa chuma cha chikhalidwe cha anthu a dziko lonse. Mayiko amene anatchulidwa ndi atatu: Malawi, Mozambique ndi Zambia. Zimbabwe inalemekezedwa chifukwa cha Mbende Jerusarema wa ku Murewa ndi Uzumba-Maramba-Pfungwe, ndipo anayeneradi. Koma gule amene wavinidwa m'dziko lino zaka pafupifupi 100 sanalowe m'kaundula wa kuno kapena wa kumudzi. Buku la Boucher nalo ndi la Achewa a ku Malawi, makamaka a m'chigawo chapakati. Zilombo zimene zinabadwira m'makomboni a ku Rhodesia, nyimbo zosakaniza Chichewa, Chishona ndi Chilapalapa, mmene gule anakhalira m'tauni mopanda mfumu ndi mopanda manda a mudzi, zonsezi zikudikirabe wozilemba mokwanira.

Alipo amene ayamba. Charles van Onselen, m'buku lake Chibaro la mu 1976, anafotokoza moyo wa m'makomboni a migodi. Anusa Daimon, katswiri wa mbiri wa m'dziko lino, walemba za gule ndi beni pakati pa zidzukulu za Amalawi. Zoë Groves anatulutsa Malawian Migration to Zimbabwe, 1900–1965: Tracing Machona mu 2020. Ntchito zawo ndi zolimba, koma zili m'Chingerezi cha ku yunivesite, ndipo mitengo ya mabuku otere si ya munthu wogulitsa tomato pa Makoni kapena pa Chikwanha. Palibe mwa izo imene gogo angatsegule n'kuloza chithunzi kuti uyu ndi malume ako, ankaimba mbalule ku mgodi wa Trojan.

Chigamulo changa pa mabuku awiri aja ndi ichi. La Ranger muligule kuti muwerenge, ngakhale likhale long'ambika ndi lodindidwa, chifukwa phindu lake lili m'nkhaniyo. La Boucher muligule ngati thumba likulola, ndipo mulisamale, chifukwa ndi lokongola ndiponso silipezeka wambawamba. Koma pempho langa lalikulu likupita kwa atsogoleri a magulu a gule ndi beni a ku Seke, Zengeza ndi St Mary's, ndi kwa ana awo amene anapita kusukulu. Khalani pansi ndi akuluakulu amene atsala. Lembani dzina la amene anayambitsa gulu, mudzi ndi mfumu ya kwawo, mgodi kapena famu imene anafikira, chaka chimene anasamukira ku Chitungwiza, nyimbo za pabwalo zimene aliyense amamva kale. Za kudambwe zikhale kudambwe, palibe akuzifuna. Zithunzi zakale muzijambulenso pa foni ndi kulemba mayina a onse amene akuoneka. Kope limodzi likhale m'banja, lina mukapereke ku National Archives of Zimbabwe ku Harare, lina mutumize ku Mua.